Unyolo wa Njinga m'Khosi mwa Ababa

Fingoe, 10 Marso 2024

Mwana wanga Cristina,

Moni kwa iwe, kwa apongozi anga a Arsénio ndi kwa adzukulu anga onse. Ine ndili moyo, ndikudzuka, ndikudya. Chimanga chakhwima kumunda wa kumtsinje, ndipo mbuzi yamawanga ija yabereka mapasa.

Ukudabwa kuti ndalemba kalata ngati nthawi ija tinali ku Zambia. Telefoni unandigulira ija inagwera m'ndowa ya madzi a mbuzi, ndipo sindinaikhalire maliro. Chinthu chotani chimene munthu umachita kukwera nacho pachulu kuti umve mawu a mwana wako, usanamalize kufunsa za adzukulu chadula kale? Kalata sidula munthu pakamwa. Ndapatsira Lino woyendetsa kamyau, lole ija yonyamula katundu, iwenso uziyankha kudzera mwa iyeyo.

Nyumba ino yakula, mwana wanga. Chimwalirireni amayi ako, anthu akakumana nane panjira amatsitsa mawu ngati alowa m'gereja mapemphero ali mkati. "Pepani a Nazário, limbani mtima." Ino ndi mvula yachiwiri akundipepesabe. Palibenso wondikalipira kuti ndalowa ndi matope m'nyumba. Sindinkadziwa kuti munthu angasowe kukalipiridwa monga amasowera mchere.

Komabe masiku ano ndikutanganidwako pang'ono. Pali pesa ina imene tikukonza ndi Júlio, uja wometa tsitsi pamsika. Ikutivuta zedi, imangodukaduka pakati, tikalumikiza apa kwina kwamasuka. Tikulimbana nayo.

Azakhali ako a Quitéria ali bwino, ndimawaonera patali. Sitinayambe kulankhulana chidyereni mbuzi zanga nyemba zawo.

Ndine atate ako,
Nazário


Tete, 24 Marso 2024

Ababa,

Kalata yanu tailandira, tonse kuno tili bwino. Ndikulemba mofulumira, ku farmasiya kwachuluka anthu a malungo ndipo Lino akuti sadikira.

Za pesa ikukuvutaniyo ndamva. Njinga ija ndi yakale kuposa ine, ndipo chimene chimaduka pakati pa njinga ndi unyolo basi. Nanga wometa tsitsi adziwa chiyani za njinga? Musavutikenso ndi kulumikiza ndi mawaya, mudzagwa pamtsetse. A Arsénio agula unyolo watsopano, uli m'kathumba kamene ndapatsira Lino. Muupake mafuta.

Za kusungulumwa zandikhudza, Ababa. Ndinakuuzani kale kuti mubwere mudzakhale nafe kuno. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi. Mng'ono wanga Stélia akulankhulanso zomwezo kuchokera ku Beira. Ndipo za nyemba zija zitheretu, inu ndi Atitiya a Quitéria ndinu akuluakulu.

Mwana wanu,
Cristina


Fingoe, 14 Abril 2024

Cristina,

Moni nonse. Unyolo wafika. Nditautulutsa m'kathumba pamaso pa Júlio, mwamuna uja anaseka mpaka anakhala pansi, makasitomala akudikira ndi mitu yometedwa theka. Njinga yanga ilibe vuto, mwana wanga, koma unyolo wako taupezera ntchito yabwino. Uwathokoze apongozi.

Za ku Tete usandiuzenso. Dziko limene ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama ndi kutentha? Ndinakhalako masiku aja a ubatizo wa mwana wako. Nonse mukapita kuntchito ndinkatsala ndi wailesi ndi galu wa aneba, ndipo galuyo ankamva Chipwitikizi chokha. Kuno kuli manda a amayi ako, kuli mbuzi zanga.

Tsopano imva nkhani. Andipatsa papeli. Ndinakana, ndinati ine ndine nkhalamba, sindinachitepo zotere chibadwire, koma anati palibenso wina, ndi ineyo basi. Ndi papeli wolemera. Pa 25 Junyu ndikaima pamaso pa anthu onse a pa Fingoe, akuluakulu a boma a ku administrasau atakhala kutsogolo. Zoti ndikanene ndikuziloweza tsiku ndi tsiku kuti ndisakasokoneze, koma mutu wakalamba, zimalowa uku n'kutulukira uku.

Sindinakupemphepo kanthu kakakulu. Ngati ungathe, ubwere tsiku limenelo. Munthu akaima pagulu amafuna aone nkhope imodzi yakwawo.

Atate ako,
Nazário


Fingoe, 5 Mayu 2024

Cristina mwana wa alongo anga,

Ndine azakhali ako Quitéria. Dzanja langa lazolowera khasu, uwerenge mopirira. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilibe mtendere.

Sindine wa miseche, ukudziwa. Ndi atate ako sitilankhulana, ndipo ine sindinalakwe, nyemba zinali zanga. Koma magazi ndi magazi. Alongo anga mutu wasokonekera.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinamva mawu a mkazi akukalipa kuseri kwa khola lawo. Mawuwo anali a malemu amayi ako. Ndinanyang'ama, ndinasuzumira pakati pa nkhokwe ndi mpanda. Mwana wanga, ndinaona atate ako atavala kapulana yobiriwira ija, chitenje cha amayi ako a Mariana, duku kumutu, m'khosi atavala unyolo wa njinga ngati mkanda. Manja m'chiuno, akukalipira mbuzi.

Amati, "Matimati awa ngakhale nkhuku ingawakane! Wawathyola kumunda kapena wawatola kudzala?" Kenaka amadumphira mbali inayo n'kudziyankha okha ndi mawu aamuna, "Nanga amayi, tsiku lililonse mumabwera, mumanyoza, simugula kanthu. Mumafuna chiyani kwenikweni?" Akatero amabwerera pamalo oyamba, n'kupitiriza mpaka mbuzi zitatopa.

Si kamodzi ayi. Ndakhala ndikupita kuseri kwa nkhokwe madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, kuti ndione ngati zikukula. Mawu ake ndi omwewo, sasintha. Ndawamva mpaka nanenso ndikumawanena potsuka mbale, Mulungu andikhululukire.

Ndinamvanso akuuza Lino kuti apatsidwa papeli. Kaya ndi mlandu wanji. Mwina za malire a munda, mwina mbuzi zadyanso za wina amene alibe mtima wabwino ngati wanga. Ndiganiza mlanduwo ndi umene wawazunguza mutu, ndiye aitana mkazi wawo kuti awathandize.

Ana anga onse ali kumigodi ya golide, ndilibe woti ndikambirane naye. Ndikalowa m'nyumba ndimangomva mbewa. Bwera udzaone wekha.

Azakhali ako,
Quitéria


Tete, 19 Mayu 2024

Ababa,

Moni. Sindikudziwa poyambira. Kalata yanu ndinaiwerenga mtima uli m'mwamba, ndipo ndisanapume yafikanso ya Atitiya.

Ndamva zonse zimene mukuchita kuseri kwa khola, za kapulana ya amayi, za duku, za unyolo. Ndalira, Ababa. Kapulana ija ndinaisiya m'bokosi kuti ikhale chikumbutso, sindinkaganiza kuti ndidzamva zotere. Anthu a pa Fingoe akuti chiyani? Bwanji simunandiuze poyera zinthu zisanafike pamenepa?

Za papeli musasaine chilichonse, musavomere chilichonse. Ndapempha masiku kuntchito, pa 25 Junyu ndidzakhala nanu. Zimenezo zikadzatha, tidzabwerera limodzi kuno. Nthawi ino sindikupempha ayi. Ndagwirizana ndi Stélia ndi a Arsénio. Mbuzi tidzagulitsa, munda tidzabwereka achibale, nyumba tidzatseka. Chipinda chanu tayamba kale kuchipaka laimu, ndipo kuno kuli madokotala amene amadziwa kuthandiza.

Musandikwiyire. Ndinataya amayi, sindifuna kutaya inu muli moyo.

Cristina


Fingoe, 2 Junyu 2024

Mwana wanga,

Moni. Ndamva.

Ndiye kuti zakuchititsa manyazi. Ndinkadziwa kuti azakhali ako amabisala kuseri kwa nkhokwe, chifukwa nkhokwe siyetsemula. Ndinkawasiya dala, ndinkati bola pali munthu mmodzi wondimvera kuposa mbuzi. Sindinaganize kuti akalemba kalata.

Kapulana ndinaitenga osakupempha, pamenepo ndinalakwa. Koma sindinkanyoza amayi ako. Ndikaivala ndimamva ngati pakhomo pano pabwerera phokoso.

Papeli sindingamubweze tsopano, ndinalonjeza, ndipo ndikathawa ndigwetsa anzanga. Undilole ndikaime pa 25. Zikatha ndidzachapa kapulana, ndidzaipinda, ndidzakupatsa m'manja. Ngati mwagwirizana ana anga kuti atate anu akhale m'chipinda cha laimu, ndidzapita. Nkhalamba sikangana ndi amene adzaiike m'manda. Koma ndikuuze zoona, mtima wanga wawawa kwambiri. Ndinali nditangoyamba kumene kudzuka m'mawa ndili ndi kopita.

Mbuzi yamawanga musadzaigulitse kwa opha nyama.

Atate ako,
Nazário


Fingoe, 27 Junyu 2024

Stélia m'bale wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Khala pansi usanawerenge, ndipo ngati ukumwa tiyi uyambe waika kapu patebulo. Ababa ali bwinobwino. Odwala mutu tinali ife.

Kamyau ya Lino inafera panjira, ndiye ndinafika m'mawa wa pa 25 penipeni, fumbi mpaka m'makutu. Kunyumba ndinapeza chitseko chokhoma. Atitiya anatuluka atavala zakuda ngati tikupita kumaliro, tinagwirana manja ulendo wa kukhoti, ku tribunali. Tinapeza kotseka. Ine mwana wopita kusukulu, miyezi yonseyi osaganiza kuti pa tsiku la ufulu wa dziko palibe woweruza milandu! Mlonda anali pakhonde akumvera wailesi. Nditamufunsa za mlandu wa a Nazário, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"A Nazário ake ati? Dona Matimati? Thamangani kubwalo, mupeza atayamba!"

Kubwalo kunali anthu osaneneka, ena pamitengo, ena ataimirira pa mota, njinga zawo zamoto. Ana a sukulu anali atamaliza kuguba. Kutsogolo anaika matebulo awiri ndi mulu wa matimati, kumbuyo kwake kutaima Júlio wometa uja atavala chipewa chong'ambika. Ndiye kunatulukira mayi wina wamtali, kapulana yobiriwira, duku lopendekeka, unyolo wa a Arsénio ukuwala m'khosi. Anthu anakuwa asanatsegule n'komwe pakamwa.

Stélia, pamenepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Pesa! Papeli! Ife timagwiritsa ntchito Chipwitikizi tsiku ndi tsiku, tikudziwa kuti pesa ndi chitsulo cha njinga komanso ndi sewero, papeli ndi pepala la boma komanso ndi gawo limene munthu wapatsidwa m'sewero. Koma ndani akanaganiza za sewero pomva dzina la Ababa? Munthu analemba kuti sewero lawo likudukaduka pakati, ine n'kumutumizira unyolo.

Seweroli ndi la mayi wamasiye amene amapita kumsika tsiku lililonse kukanyoza malonda a anthu osagula kanthu. Ananyoza matimati, ananunkhiza usipa n'kuyetsemula, anayesa nsapato ya phazi limodzi n'kuyenda nayo msika wonse. Akuluakulu a administrasau ankapukuta misozi. Koma ine chimene chinandigwira ndi mawu. Ndi amayi enieni, Stélia. Kutsonya kuja, dzanja m'chiuno, kuja ankati "ndati, ndati" akafuna kutseka nkhani. Ndinkaopa kuti zindipweteka, koma ayi. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa, misozi ikutsika, osadziwa kuti ndi ya chiyani. Chiikireni maliro ndinali ndisanawakumbukepo amayi akuseketsa, ndinkangowakumbuka ali pamphasa akudwala.

Kenaka Júlio anafunsa funso lija, "Nanga amayi, tsiku lililonse mumabwera, mumanyoza, simugula kanthu. Mumafuna chiyani kwenikweni?" Ababa anatembenukira kwa anthu kuti ayankhe, maso awo n'kugwera pa ine. Anauma. Pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. Júlio anabwereza funso, koma kunali zii. Anthu anayamba kunong'onezana. Ndinadziwa kuti akukumbukira kalata yanga yoipa ija, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Mwadzidzidzi pambali panga panaphulika mawu. Atitiya! Ataimirira pa zala, zakuda zawo zili bii, anakuwa bwalo lonse kumva:

"Ndimafuna wondiyankha! Kunyumba ndikakalipa, mphika sundibwezera mawu!"

Anali ataloweza sewero lonse kuseri kwa nkhokwe. Atangomaliza anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atapita kale. Ndipo mmene anawanenera, Stélia, sanali a m'sewero okha ayi.

Ababa anaphethira, anaika dzanja m'chiuno, n'kuyankha ndi mawu a amayi aja, "Ii, alamu, mwalankhula lero? Nanga nyemba zija zameranso?"

Bwalo linagwa ndi phwete, pakuti nkhani ya nyemba palibe amene saidziwa pa Fingoe. Atitiya m'malo mokhala pansi anabweza, "Zimera bwanji mbuzi za amuna anu zili moyo?" Anakangana pamenepo, wina kutsogolo wina m'gulu, Júlio atangogwira matimati m'manja osadziwa polowera. Anthu ankaganiza kuti zinakonzedwa.

Zitatha Júlio anandikokera pambali n'kundiuza mmene zinayambira. Akuti Ababa ankabwera kudzametetsa sabata iliyonse. Ukudziwa mutu wa Ababa, dazi lokhalokha. Iye ankangoyendetsa makina pamwamba, iwo akukamba nkhani, akamaliza n'kupita kukanyoza matimati a amayi a pamsika mpaka atawathamangitsa. Tsiku lina anawafunsa kuti, "Madala, kodi ndimakumetani chiyani?" Iwo anati, "Meta pang'onopang'ono, kunyumba kulibe wondidikira." Sewero lonse linachokera pamenepo. Gulu lawo ndi la anthu ochepa, mphunzitsi mmodzi, amayi awiri ogulitsa mandasi ndi anyamata a mota, amakumana kuseri kwa shopu ya Júlio.

Ababa anabwera atavula duku, thukuta lili kamukamu, osandiyang'ana kumaso. Anati, "Ndamaliza, mwana wanga. Kapulana ndichapa mawa. Mbuzi tiyamba kugulitsa liti?"

Ndinagwada pomwepo pafumbi, anthu akuona. Ndinati, "Ababa, ine ndimayesa mwapenga, ndimayesa muli ndi mlandu. Mbuzi sizigulitsidwa, ndipo kapulana ndi yanu." Anandigwira dzanja n'kundidzutsa. Kenaka anati, "Ndiye unyolo uja unkati ndi wa njinga zoona?" Tinaseka mpaka Atitiya anatikalipira kuti tikuchititsa manyazi banja.

Mtima wanga wakhala pansi, m'bale wanga, sindinapepukidwe chonchi chimwalirireni amayi. Dzulo tinadya atatu pakhomo pa Ababa, ndiwo zake nyemba za Atitiya. Uwauze a Arsénio patelefoni, poti ine kuno ndiyenera kukwera chulu, kuti m'chipinda chija abwezeremo matumba a makala.

Mkulu wako,
Cristina


Fingoe, 18 Agosto 2024

Mwana wanga Cristina,

Moni kwa iwe, apongozi ndi adzukulu. Kuno mphepo yatha, tayamba kusosa. Ndachedwa kukulembera chifukwa nthawi ikundichepera, ndipo ndikulemba mawu amenewa ndikumwetulira.

Anthu asiya kundipepesa. Tsopano ndikamadutsa pamsika amakuwa, "Dona Matimati, bwerani mudzanyoze kuno!" Amayi ena amandisungira dala matimati owola kuti amve chimene ndinene. Ngakhale abusa anandigwira dzanja Lamulungu n'kunena kuti akazi awo anadwala nthiti.

Azakhali ako alowa gulu. Anati akungopita kukaona kuti ndisachititsenso manyazi mtundu, koma tsiku loyamba lomwelo analanda Júlio matimati, akuti sadziwa kugulitsa. Tsopano wogulitsa ndi iwowo. Vuto lawo ndi limodzi, salola kuti ndiwine mkangano ngakhale pamene sewero likufuna kuti ndiwine. Amandikalipira pobwera, amandikalipira pobwerera. Dzana anandikalipira kuti ndalowa ndi matope m'nyumba mwanga momwe. Ndinatuluka panja, ndinakaima kukhola kanthawi, kuti asaone nkhope yanga.

Atiitana ku Chipera mwezi wamawa, kenaka mwina ku Malowera. Tikukonza ina yatsopano, ya mwana wa m'tauni amene amatumizira atate ake mankhwala a matenda amene alibe. Usadandaule, dzina tasintha.

Tsopano pempho. Ndikufuna pesa. Werenga bwino, usathamange: pesa ya njinga, yachitsulo. Azakhali ako ndimawakweza pakaliyala popita kokonzekera, ndipo iwo si munthu wopepuka. Lachisanu pamtsetse wa kumsika unyolo wakale uja unaduka pakati, tonse awiri tinakagwera m'mbatata za eni ake, iwo akukalipa tisanafike n'komwe pansi. Unali ndi nzeru kuyambira pachiyambi, mwana wanga, unangofulumira miyezi isanu.

Watsopano uja ulipo, koma sindingauike panjinga. Ndi mkanda wa amayi ako.

Ndine atate ako,
Nazário